Njerwa ya a Suzumirani

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Nyirongo, aja kuno tinkawatchula kuti a Suzumirani. Tinakawaika kwawo ku Kaluluma mvula itangoyamba, anthu ali pakalikiliki kuwokera fodya, moti pamanda sipanadzaze monga mmene pakanadzazira mwezi wina. Ine ndinapita nawo chifukwa tinakhala khonde limodzi zaka zambiri, iwo mkati ndi makina awo oonera tizilombo, ine panja ndi makina anga osokera. Sindinganame kuti tinali pa ubwenzi. Kunyumba kwawo sindinafikeko ali moyo, ndipo theka la zimene tinayankhulana linali kukangana.

Kuno ku Zigayo ndi kuseri kwa msika wa pa boma. Ambiri okhala kuno anabwera m'Kasungu muno pa lole kudzakhala matenanti m'maesiteti a fodya, ndipo zinthu zitakanika anachita manyazi kubwerera kwawo chimanjamanja. Lero ndi a kabaza, ogulitsa mandasi, onyamula matumba kuchigayo. Munthu wotere akadwala sathamangira kuchipatala, chifukwa mzere wa kumeneko umadya tsiku lonse, ndipo tsiku limenelo ndilo chakudya cha ana ake. Amangogula timapiritsi pa golosale. Thupi likatentha amati ndi malungo, likatupa amati alodzedwa. Poona zimenezi, gulu lina la anthu opuma pa ntchito, a mipingo yosiyanasiyana, linachita lendi chipinda chimene kale chinali golosale, n'kuchisandutsa malo opimira matenda. Mankhwala munalibe, jakisoni munalibe. Munthu ankangopimidwa magazi, mkodzo, makhololo kapena chimbudzi, n'kuuzidwa chimene chikumudya kuti akafike kuchipatala ali ndi poyambira.

A Nyirongo ndiwo anayamba ntchitoyi atapuma ku labu ya chipatala china cha mishoni. Analola pa mfundo imodzi, yakuti mtengo wopimitsa usadzapose mtengo wa sopo wochapira, ndipo amene alibe ngakhale zimenezo apimidwe basi. Sopo akakwera, komiti inkabwera ndi nkhope zowala kuti tsopano tikwezeko, iwo n'kuyankha kuti sopo amene ankanena ndi wa chaka chija anagwirizana.

Anali munthu wamtali, wowonda, wa diso lakumanzere lotsinzina pang'ono chifukwa cha zaka zosuzumira ndi lakumanja. Jekete lawo loyera ndinalisoka kolala kambirimbiri mpaka ndinawauza kuti chatsala ndi ulusi wanga wokha, nsalu inatha kalekale. Latsopano anakana. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ndipo akandiona ndikuthira masipuni anga atatu ankangopukusa mutu n'kunena kuti andidikira mkatimo. Chichewa ankayankhula chabwinobwino, koma akakwiya Chitumbuka chinkatulukira chokha. M'misewu ankayenda maso ali pansi ngati wataya ndalama, kutola mabokosi a machesi opanda kanthu. Mabokosi amenewo ndiwo ankapatsa odwala kuti atengeremo chimbudzi, ndipo pawindo pankakhala mulu wake. Mlendo wina anatolapo limodzi kuti ayatsire ndudu, akazi a pa mzere anaseka mpaka misozi.

Dzina lakuti a Suzumirani linachokera pa kagwiridwe kawo ka ntchito. Akapeza kachilombo pa kagalasi sankathamangira kulemba pepala. Ankaitana mwini matendawo n'kumuuza kuti asuzumire yekha. Makina awo anali akale, a diso limodzi, okhala ndi kalilore pansi wotengera kuwala kwa dzuwa, moti magetsi akazima iwo analibe nazo kanthu, koma tsiku la mitambo ankakhala ndi mtima wapachala. Tebulo linali lalitali, la msinkhu wawo, ndiye anthu aafupi sankafikira. Tsiku lina anabwera ndi njerwa yaikulu pa keliyala ya njinga, yochokera ku bani yakale yowotchera fodya, n'kuiika pansi pa tebulo. Pa njerwa imeneyo panaponda theka la Zigayo. Ankakonda kunena kuti munthu wouzidwa amapita kunyumba kukafunsa anzake maganizo, koma amene waona yekha amapita kuchipatala.

Mkangano wathu unali pomwepo. Makina anga akamayenda, simenti ya pakhonde inkanjenjemera mpaka pa tebulo lawo, ndipo wodwala wosazolowera sankaona kanthu. Ankatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, “Mayi telala, taimitsani sitima yanuyo.” Ine ndinkawayankha kuti ana anga sadya tizilombo. Tinatukwanizana mwaulemu kwa miyezi, kenako tinagwirizana kuti akagogoda pawindo ndiziima. Patapita nthawi anawonjezera pempho lina. Akakhala ndi uthenga wolemera, uja munthu safuna kuti a pa mzere amve, ankandikodola ndi chala kuti ndisoke mwamphamvu ndi kukweza wailesi. Ndasokapo mizere yambiri pa nsalu yopanda ntchito chifukwa cha iwo. Munthu akamatuluka pambuyo pake ndinkaweramitsa mutu kuti asaone kuti ndadziwa.

Mkangano waukulu wa a Nyirongo unali ndi wapampando wa komiti, Mayi Kamanga, mphunzitsi wamkulu wopuma. Iwo ankati kusuzumiritsa anthu kukuchedwetsa mzere, kuti maso a anthu ambiri pa galasi limodzi n'kupatsirana matenda, komanso kuti makina a chithandizo si kanema wa pa msika. Kunena chilungamo, Mayi Kamanga sankanama. Ndinaonapo mayi wa pakati akudikira pa dzuwa pamene mkatimo mkulu wina akufunsa ngati tizilombo take tili ndi mano. A Nyirongo ankapukuta galasi ndi sipiriti, n'kumva zonse zimene komiti yanena, n'kuvomera ndi mutu, mawa lake n'kupitiriza monga kale. Analinso ndi pakamwa powawa. Bambo wina wodwala shuga atabwera akununkha kachasu, anamuuza pamaso pa mkazi wake kuti asamawatayitse nthawi, apite kwa akalipentala akayezetse bokosi. Bamboyo sanabwerenso, ndipo a Nyirongo sanapepese.

Pamaliro paja ndinaona mayi wina akutunga madzi limodzi ndi akazi a m'mudzimo, ali ndi mtsikana wamtali wovala nsapato za sukulu. Ndinachita kumuyang'anitsitsa ndisanamuzindikire. Anali Esinati, ndipo mtsikanayo anali mwana uja ndinamuona atatupa pakhonde langa zaka zambiri zapitazo.

Inali nthawi yothyola fodya, miyezi ya njala. M'mawa wina panafika anthu atatu ndi katundu wa paulendo. Esinati anali ndi mwana wamkazi wa zaka ngati zinayi kumsana. Mwamuna wake, Lufeyo, manja ake anali akuda ndi utomoni wa fodya. Wachitatu anali mayi ake a Lufeyo, gogo wamfupi wosavala nsapato, amene anachita kuitanidwa kuchokera kwawo ku Dedza. Banjali linali la matenanti pa esiteti ina cha ku Lisasadzi. Mwanayo anali atatupa mapazi ndi masaya, tsitsi litafiira, ndipo sankalira n'komwe, ankangoyang'ana.

Nkhani yawo ndinaimva pakhonde pomwepo, chifukwa agogowo sankanong'ona. Iwo anali atagamula kale kuti ndi tsempho. Kwathu kuno mwana akatupa chonchi akuluakulu amati wasemphedwa, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake wayenda kunja kwa banja. Mankhwala ake ndi achikuda, ndipo amati sagwira mpaka wolakwayo avomere. Amatinso mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafa, n'chifukwa chake kuchipatala anali asanapite. Lufeyo anali atalumbira kuti iye sanayende. Ndiye chala chinaloza Esinati, ndipo dzina la kapitawo wa pa esiteti linali litatchulidwa kale. Ulendo umenewu unali wa ku depoti ya mabasi, kupita kumudzi kuti akavomere pamaso pa ankhoswe. Esinati anali atamva kwa wa kabaza wina kuti ku Zigayo kuli malo amene sabaya, amangoona. Anauza apongozi akewo kuti kumudzi akavomera chilichonse chimene akufuna, bola ayambe adzera kuno.

Ine si dokotala, koma nditamuona mwanayo ndinadziwa kuti ulendo wa basi, kenako kudikira ankhoswe, kenako kufunafuna mizu, sakanautha. Esinati anali wokonzeka kudzinamizira chigololo, ndipo mwanayo akanamwalirabe.

“Mwanayu musamubaye,” anatero agogowo asanakhale n'komwe pansi.

“Yayi mama, ine sindibaya,” anayankha a Nyirongo. “Ndimangoona.”

Anakoka chikope cha mwanayo, ndipo mkati mwake munali moyera ngati ufa. Anapempha kuti amuboole pang'ono pa chala kuti aone kuchuluka kwa magazi. Agogowo anakana, anati singano ndi singano. A Nyirongo, amene ankakalipira anthu pa zinthu zazing'ono, sanatsutse. Anatenga bokosi la machesi pawindo n'kupatsa Esinati, n'kumuuza chochita. Anthuwo anadikira pakhonde langa nthawi yaitali mwanayo asanachite chimbudzi. Lufeyo ankangokanda utomoni wa m'manja mwake, osayang'ana mkazi wake kapena mayi ake.

Dzuwa litakwera ndinamva kugogoda pawindo, ndinaimitsa makina. A Nyirongo sanaitane bambo wa mwana kapena mayi wake. Anaitana agogowo.

“Kwerani apa, mama. Suzumirani nokha.”

Agogowo anaponda pa njerwa, n'kuika diso pa galasi mokayikira. “Sindikuona kanthu ine. Ndikuona nsidze zanga.”

“Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsinzinani linalo. Musagwire tebulo.” Anatembenuza kalilore uja pang'ono.

Agogowo anatsinzina diso linalo n'kusuzumiranso. “Pali tinthu tobulungira. Tambiri.”

“Enya. Amenewo ndi mazira a njoka za m'mimba. Zimalowera kumapazi munthu akamaponda dothi lonyowa. Zimene zaikira mazirawo zili m'matumbo mwa mdzukulu wanu, zikumuyamwa magazi. Atsala ochepa kwambiri. Akufunika kuchipatala lero.”

Agogowo anatsika, n'kukonza mpango wawo. “Mazira ndawaona, sindingakane. Koma tsempho saonera pa galasi, bambo.”

“Mwanena zoona. Ine ndasuzumira muno mpaka diso kuchepa, koma chigololo cha munthu sindinachionemo. Mlandu wanuwo sindikuudziwa.”

Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma a Nyirongo anapita pawindo n'kutenga mabokosi ena awiri. Limodzi anapatsa Lufeyo, lina analoza nalo agogowo. Munthu wamkulu kumutuma kuchimbudzi pamaso pa mwana wake ndi mpongozi wake, ndi mwano umene kwathu kuno amalipiritsa nkhuku.

“Inu mulibe makolo?” anafunsa agogowo.

“Anapita, mama. Imvi zanga zikuposa zanu. Ngati m'mimba mwanu muli moyera, ndipepesa pamaso pa anthu onsewa, ndipo mupitirize ulendo wanu.”

Sindikhulupirira kuti agogowo analola chifukwa chogonja. Analola chifukwa cha liuma, kuti awachititse manyazi a Nyirongo. Ndinawaperekeza kuseri, ndinawaphikira tiyi, ndipo pobwera ndinasoka mwamphamvu popanda kuuzidwa. Zitatheka, agogowo anakana kupereka bokosilo n'kutuluka. Anati aimirira pomwepo aone ndi maso awo kuti sakusinthanitsa. A Nyirongo anatenga kagalasi katsopano, anawaonetsa mbali zonse, anapaka iwo akuona. Anasuzumira okha kaye, nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpaka ine ndinayamba kuchita mantha. Kenako anagogoda pawindo.

Ulendo uno agogowo sanafune wowaphunzitsa. Anakwera pa njerwa, anatsinzina diso lina, manja ali kumbuyo. Anaima pamenepo mpaka anthu a pa mzere anayamba kutsokomola. Mazira analimo, ochepa kuyerekeza ndi a mwana, koma omwewo. Mwa Lufeyo analimonso.

Agogowo atatsika sanayang'ane munthu aliyense. Anangonena kuti, “Ine amuna anga anamwalira Lufeyoyu asanamere ndevu.”

Anatuluka pakhonde, anaima patsogolo pa Esinati, n'kutambasula manja. Esinati anazengereza, kenako anamasula mwanayo. Agogowo anamubereka kumsana kwawo, anamanga chitenje, n'kutembenukira kwa ine.

“Chipatalacho chili mbali iti?”

A Nyirongo anavula jekete, anatseka chipinda anthu ali pa mzere, anamangirira katundu wa banjalo pa njinga yawo n'kuwatsogolera wapansi. Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo, limenelo ndi tsiku lokhalo limene anatseka dzuwa lili pamutu.

Mwanayo anamuwonjezera magazi ndipo anachira. Agogowo sanabweze mawu awo. Atadzera pano potuluka m'chipatala anandiuza kuti njoka zinalipo, tsempho linaliponso, Mulungu wangochita chifundo. Koma za kumudzi sanazitchulenso, ndipo Esinati sanavomere mlandu uliwonse. Komiti inawaitana a Nyirongo, chifukwa ena mwa amene anawasiya pa mzere anakadandaula. Mayi Kamanga anawakumbutsa kuti ntchito yawo ndi kupima, osati kuweruza maukwati. Iwo anavomera ndi mutu monga mwa nthawi zonse.

Patapita masiku ndinawafunsa chifukwa chake Esinati yekha sanamupatse bokosi. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, n'kunena kuti mazira akanapezeka mwa iye, apongozi akewo akanati ndi umboni. Ndinafunsanso kuti nanga mwa agogowo mukanapezeka moyera. Anati anaona mapazi awo ong'ambika ndi zikhatho zotuwa, anadziwa kuti ndi munthu wa kudimba, koma akanatha kulakwitsa. Ndiye zikanatero, anati, akanapepesa n'kuwaperekeza ndi maso kupita ku depoti. Ananena zimenezi akumwa tiyi wawo wowawa, osasintha nkhope.

M'zaka zawo zomaliza diso lija lakumanja linayamba kuchita chifunga. Anabisa kwa kanthawi. Kenako anaphonya malungo mwa mwana wa wa kabaza wina, ndipo mwanayo anapulumuka chifukwa mayi ake sanakhutire, anapita naye kuchipatala. Palibe amene anawaimba mlandu. Iwo okha anatenga kiyi n'kukapereka kwa Mayi Kamanga. Pambuyo pake ankabwerabe m'mawa uliwonse, n'kukhala pa benchi ya makasitomala anga, jekete lili pa mwendo, kumandiuza kuti msoko wanga wapindika pamene sakuuona n'komwe. Masiku amenewo ankandimvetsa chisoni kwambiri, ndipo ndinasiya kuwayankha. Ndikuganiza kuti anazindikira, chifukwa nawonso anasiya kundiputa.

Esinati pamaliro paja sanapemphe kuyankhula, ndipo mwa olankhula onse palibe amene anatchula za tsiku lija. Anandiuza kuti tsopano ali ku Chisemphere pa kamunda kawokawo, ndipo Lufeyo watsala akuwokera fodya. Apongozi ake aja anamwalira kalekale, ndipo anawadwazika ndi iyeyo.

Chipinda chija chikugwirabe ntchito, ndipo mtengo sunapose wa sopo. Komiti inapeza mayi wachitsikana wophunzira bwino, waulemu, wachangu. Anamanga khoma la mabolodi pakati pa chipinda n'kusiya kawindo kakang'ono kolandirira ndi kuperekera mapepala. Mzere ukuyenda, amayi a pakati sakupsanso ndi dzuwa, ndipo m'malo mwa mabokosi a machesi muli timabotolo ta zivindikiro. Makina atsopano ndi amagetsi, ali kuseri kwa khomalo, ndipo sanjenjemera ndikamasoka. Akale aja ali pamwamba pa kabati, atavundikiridwa ndi chivundikiro chimene ndinawasokera ndi zidutswa za zitenje. Pawindo palibe amene amagogoda, koma phazi langa nthawi zina limaima lokha pa chopondera.

Mwezi watha panabwera mayi wina ndi mwana wotupa mapazi, pamodzi ndi gogo amene ndinaona kuti ndi apongozi ake. Anandifunsa ngati pano ndi paja amaonetsa munthu matenda ake. Ndinati alowe. Anapimidwa bwinobwino, ndipo ndinamva agogowo akupempha kuti aone nawo. Mayi wa mkatimo anawayankha mofatsa kuti malamulo salola, koma zonse zalembedwa, athamange nazo kuchipatala. Anatuluka n'kuima pafupi ndi makina anga, akutembenuza pepalalo uku ndi uku. Ndinawawerengera ndi kuwamasulira mmene ndikanathera, ndinawalozeranso njira. Agogowo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapinda pepalalo n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

“Pepala amalemba ndi munthu,” anatero.

Pa mphambano ya kuchigayo, njira ya kuchipatala imakhotera kumanja. Iwo anakhotera kumanzere, ku depoti, mayi wa mwana ali pambuyo. Sindinamvenso za iwo.

Njerwa ija ilipo. Masiku ano amatchingira chitseko kuti mphepo isamachimenyetse. Pakati pake panasalala ngati mphero chifukwa cha mapazi a anthu, ndipo mvula ikawomba pakhonde pamatsala timadzi pamenepo. M'mawa ndimaiona ndikamatulutsa makina anga, madzulo mlonda amaikankhira mkati ndi phazi n'kutseka.